Kwacha Yagwa Kangapo, Nanga Bwanji Katundu Wathu Sakuyenda Malonda Kunja?

Ku Biwi mu mzinda wa Lilongwe, komwe magalaji ndi mashopu a zipangizo za galimoto anandandalikana mpaka m'mphepete mwa msewu, nkhani ya pa 9 Novembala 2023 sinafune womasulira. Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inali italengeza kuti dola imodzi ya ku America, yomwe dzulo lake inali pa K1,180, izigulidwa pa K1,700. Posakhalitsa mitengo ya matayala, mabatire ndi mabuleki inasintha, ngakhale katunduyo anali yemwe uja wakhala m'shopu kwa miyezi. Wogulitsa ankawerengera ndalama zomwe adzafunike pokaodanso katundu wina ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Dubai. Sabata yomweyo bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo n'kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Minibasi za ku Area 23 ndi ku Area 25 zinakweza mitengo, ndipo a kabaza a njinga zamoto ku Chinsapo nawo sanatsalire.

Ululu umenewu aliyense akuudziwa. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri pasiteji kapena kuchigayo ndi lonjezo lomwe limabwera limodzi ndi ululuwo. Akatswiri ambiri a zachuma amati ndalama ya dziko ikachepa mphamvu, dzikolo limapeza danga pa malonda ndi maiko ena. Patangotha sabata imodzi kwacha itagwa, bungwe la IMF linavomera kubwereketsa Malawi madola pafupifupi 175 miliyoni, ndipo kukonza mtengo wa kwacha chinali chimodzi mwa zomwe bungweli linkayembekezera. Maganizo ake ndi osavuta kuwatsata. Tiyerekeze kuti mwini thumba la mtedza akufuna K118,000. Dola ili pa K1,180, wogula wa ku Nairobi ayenera kutulutsa madola 100. Dola ikafika pa K1,700, thumba lomwelo aligula ndi madola osakwana 70. Mtedza wa kuno watchipa poyerekeza ndi wa maiko ena, choncho ogula athamangira kuno. Mbali inayi katundu wakunja wadula, anthu ayamba kugula wopangidwa konkuno, mafakitale alemba anthu ntchito, madola n'kuyamba kutsala m'dziko.

Njirayi Malawi waiyenda kangapo konse. Mu Febuluwale 1994 boma linasiya kwacha kuti mtengo wake uzitsata msika. Mu Meyi 2012, Mayi Joyce Banda atangotenga utsogoleri, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 mtengo wa kubanki unakhazikika cha pa K1,751. Ndalama yapepala ya K5,000 itatuluka mu Febuluwale 2022 inali yofanana ndi madola 6. Patatha zaka ziwiri zokha sinkakwananso madola atatu, ngakhale pa mtengo wa boma. Lonjezo lija likanakhala kuti limakwaniritsidwa lokha, bwenzi pano Malawi ali m'gulu la maiko ogulitsa kwambiri kunja m'chigawo chino. Koma m'zaka zaposachedwapa katundu yemwe dziko lino limagulitsa kunja wakhala akubweretsa madola ozungulira biliyoni imodzi pachaka, pomwe yemwe limaitanitsa amadya pafupifupi mabiliyoni atatu.

Kuti timvetse chomwe chikuchitika, ndi bwino kuyambira ku Kanengo, komwe anthu ambiri a ku Area 25 ndi ku Mgona amalawirira m'mamawa nyengo ya fodya ikafika. Kumeneko kuli okushoni ya AHL ndi mafakitale a makampani ogula fodya monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Fodya ndiye wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zomwe dziko lino limapeza pogulitsa katundu, ndipo mu 2024 msika wake unabweretsa madola pafupifupi 396 miliyoni. Koma fodya amagulitsidwa kale m'madola. Mtengo wa kilogalamu umakambidwa m'madola, ndipo kuchuluka kwa fodya wofunika chaka chimenecho kumachokera kwa makampani opanga ndudu a kunja, omwe amayang'ana za osuta awo ndi fodya wa ku Brazil, ku Zimbabwe kapena ku Mozambique. Kwacha ikagwa, kampani ya ku Ulaya siwonjezera oda yake chifukwa cha zimenezo. Chomwe chimasintha n'chakuti mlimi akasinthitsa madola ake amalandira makwacha ochulukirapo, ndipo pamenepa ndi pomwe phindu la kugwa kwa kwacha limayenera kuonekera.

Phindulo silikhalitsa m'thumba la mlimi. Feteleza yemwe anathira m'munda anabwera pa sitima yapamadzi kuchokera kutali, mankhwala ophera tizilombo ndi akunja, dizilo wa lole yonyamula mabelo kuchokera ku Kasiya kapena ku Mitundu ndi wakunja, matayala a loleyo ndi omwe aja a ku Biwi. Thumba la feteleza la makilogalamu 50, lomwe mu 2020 linkagulidwa cha m'ma K20,000 kwa wopanda makuponi, linadutsa K100,000 pofika nyengo yolima ya 2024. Kunena zoona, zambiri zofunika polima fodya yemwe Malawi amagulitsa kunja amayamba wazigula kunja komweko. Ndipo ngakhale mlimi atafuna kulima wambiri poona kuti mtengo wakoma, mvula imagwa kamodzi pachaka. Kwacha yogwa mu Novembala imapeza mbande zili kale kunazale ndipo munda unayezedwa kale. Mu 2024 chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kotero kuti dziko lomwe linkayembekezera kugulitsa zambiri kunja linayamba kufunafuna madola ogulira chimanga.

Kutsitsa mphamvu ya kwacha m'dziko lotere kuli ngati kutsitsa mitengo pa benchi la mumsika lomwe lili ndi milu iwiri yokha ya tomato: ogula angabwere, koma chowagulitsa palibe.

Pali chinanso chomwe chimadya danga lija mwakachetechete. Thumba la mtedza la K118,000 silikhala pa mtengo umenewo mpaka kalekale. Mwini wake amakwera minibasi, amalipira lendi, amagula sopo ndi mafuta ophikira, ndipo zonsezi zikakwera nayenso amakweza. Kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 35 peresenti pachaka. Pa liwiro lotere, pakatha chaka ndi miyezi ingapo katundu wa kuno amakhala wabwerera pa mtengo wake wakale m'madola, ndipo kutchipa konse komwe kwacha yogwa inabweretsa kwatha. Zomwezi zinachitika pambuyo pa 2012. Chomwe sichibwerera msanga ndi malipiro a mlonda wa ku Kawale kapena mayi wosankha fodya ku Kanengo. Kutchipa kwa dziko pamaso pa ogula akunja, kwa miyezi yochepa yomwe kumakhalapo, amalipira ndi anthu amenewa pochepetsa ndiwo ndi kusiya tiyi wam'mawa.

Malo omwe nkhaniyi imaoneka bwino kuposa ena onse ndi ku Mgona. Mudzi wothithikana umenewu, womwe unamera m'mbali mwa mafakitale a ku Kanengo, uli ndi msika wa mtedza wodziwika mpaka kunja kwa dziko. Mtedza wochokera ku Mchinji, ku Dowa, ku Kasungu ndi m'midzi ya Lilongwe umafikira kumeneko, amayi aganyu n'kumausenda, kuupeta ndi kuusankha, kenako umalongedzwa m'matumba n'kukwezedwa m'malole opita ku Tanzania, ku Kenya ndi maiko ena a m'chigawo chino. Amene amanena kuti Amalawi sadziwa malonda akunja sanafikeko ku Mgona. Katundu akutuluka ndithu. Funso ndi lakuti ndalama zake zikulowera khomo liti.

Chiyambireni kukhazikika pa K1,751, mtengo wa dola kubanki sunasunthe kwenikweni, koma madolawo kubankiko amasowa. Wamalonda wofuna kuoda katundu amadikira miyezi, kenako amapita kwa osintha ndalama mwamseri, komwe mu 2025 dola inadutsa K4,000. Tsono dziko lili ndi mitengo iwiri ya dola imodzi, ndipo m'chaka chimenecho kusiyana kwake kunali koposa kawiri. Tiyerekezenso: anthu awiri agulitsa mtedza kunja, aliyense wapeza madola 1,000. Woyamba watsata malamulo, watenga zikalata zonse, ndalama zake zalowa kubanki, ndipo akazisintha apeza K1,751,000. Kuyambira mu 2021 lamulo linkamukakamizanso kugulitsa 30 peresenti ya madola akewo ku Banki Yaikulu pa mtengo wa boma womwewo. Wachiwiri wadutsa njira zachidule, walandira madola kapena mashilingi pamanja, wasintha mwamseri n'kupeza K4,000,000, kapena sanawasinthe n'komwe koma wagulira katundu ku Dar es Salaam wodzagulitsa kuno. Awiriwa akakumana pa sikelo ya kumudzi kukagula mtedza wa chaka chamawa, wachiwiriyu angathe kupatsa mlimi mtengo womwe woyambayo sangaufikire ngakhale atafunitsitsa.

Apa ndi pomwe pali chilonda chenicheni. Wogulitsa kunja motsata malamulo, kuphatikizapo mlimi wa fodya, amalandira kwacha pa mtengo wa kubanki, koma feteleza, matumba ndi zipangizo zomwe amagula mitengo yake imatsata dola ya mseri. Zotsatira zake n'zakuti amene dziko likumudalira kuti abweretse madola ndi yemwe akulangidwa, ndipo wozembetsa ndi yemwe akupindula. Madola a mtedza, soya ndi nandolo akapanda kufika kubanki, a mafuta ndi a mankhwala a m'zipatala amasowa, ndipo mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, ngati ija inavuta kumapeto kwa 2024, imabwereranso. Mafuta okha amafuna madola ozungulira 50 miliyoni mwezi uliwonse.

N'chifukwa chake kukana kugwetsa kwacha nakonso sikunapulumutsepo dziko lino. Malemu Bingu wa Mutharika anakana kwa nthawi yaitali, ponena kuti osauka ndi omwe adzavutike, ndipo pa mfundo imeneyo sananame. Koma madola anathawira kumsika wamseri, mafuta anasowa, mafakitale anachepetsa ntchito, ndipo mkwiyo wa anthu unaphulika pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Kuumirira pa mtengo womwe palibe amene akupeza nawo dola sikuteteza mayi wa ku Chinsapo, chifukwa mafuta ophikira omwe amagula pa hokala anakwera kale motsata mtengo wa mseri. Omwe amapindula ndi ochepa omwe ali ndi mwayi wopeza madola otchipa a kubanki. Mgwirizano wa IMF uja nawo sunapite patali: unatha mu Meyi 2025 dziko litangolandirako madola 35 miliyoni.

Mtedza womwewu uli ndi phunziro lina lomwe silikhudza kwacha n'komwe. M'zaka za m'ma 1980 mtedza wa Chalimbana unkagulitsidwa ku Ulaya kudzera ku ADMARC, ndipo unali ndi mbiri yabwino. Msika umenewo unatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali chuku. Mtedza ukauma mosakwanira kapena ukasungidwa pachinyontho umachita nkhungu yomwe imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Maiko a ku Ulaya anaika malire okhwima a poizoniyu, ndipo katundu wopyola malirewo amabwezedwa padoko. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga kapena kuti ulemere pa sikelo chimangowonjezera vutoli. Mbewu zabwino zilipo. CG7 yomwe alimi ambiri amaidziwa inachokera ku kafukufuku wa ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe komweku. Koma wogula wa ku Rotterdam safunsa kuti dola ili pa zingati ku Lilongwe. Amafuna chikalata cha labotale yodalirika chosonyeza kuti mtedzawo ndi wabwino, amafuna katundu wofanana kukula, ndipo amafuna afike tsiku lomwe munagwirizana. Ngakhale kwacha itagwa kakhumi, thumba lachuku silingalowe ku Ulaya, ndipo limathera m'misika ya mitengo yotsika kapena m'nsinjiro za ana athu omwe.

Kufika pa tsiku lake nakonso ndi nkhani. Malawi alibe nyanja yamchere. Katundu wa ku Lilongwe amayenda makilomita oposa 1,500 kuti afike ku Dar es Salaam, kapena amadzera ku Beira, ku Nacala ngakhale ku Durban, kwambiri pa malole omwe amamwa dizilo wogulidwa ndi madola. Kwacha ikagwa, ulendowo umadula. Njanji yofika ku Kanengo inakhala zaka zambiri isakugwira ntchito mokwanira, moti sitima yonyamula mafuta itafikanso ku Lilongwe mu 2024, patatha zaka zoposa 20, inali nkhani yaikulu. Magetsi nawo sanganyalanyazidwe: namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo wowotcherera zitsulo ku Kawale ankakhala tsiku lonse manja ali m'thumba.

Nanga theka lachiwiri la lonjezo lija, loti katundu wakunja akadula anthu azigula wa konkuno? Telala wa ku Area 23 ndi amene angayankhe bwino. Kaunjika akadula, iye amayenera kupeza makasitomala ambiri. Koma nsalu yomwe amasoka, ulusi, zipi, mabatani, singano ndi makina omwe, pafupifupi zonse ndi zakunja, ndipo zimakwera tsiku limodzi ndi belo la kaunjika. Thonje limalimidwa ku Salima, ku Balaka ndi ku Chikwawa, koma lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke nsalu, ndipo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe kale inkaveka dziko lonse, sinabwererenso pa ukulu wake wakale. Mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula amagula malata ochokera ku chitsulo chakunja. Choncho kaunjika akadula, anthu sasamukira kwa telala. Amangosiya kugula zovala. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika a mu Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula kuti mtengo wa belo ukukwera mosaneneka, ndipo pasanapite nthawi nduna ya zamalonda inasinthidwa.

Nduna yatsopanoyo, a Vitumbiko Mumba, inayesa njira ina mu Malichi 2025: kuletsa kuitanitsa zinthu zomwe dziko lingathe kupanga lokha, monga ufa, mpunga, zipatso ndi zina. Cholinga chinali chomveka, pakuti n'zopweteka kuona madola osowawa akugulira zinthu zomwe zimamera m'madimba mwathu. Koma Tanzania, yomwe alimi ake anakhudzidwa, inabwezera mu Epulo poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo kwa masiku angapo malonda a pa chipata cha Songwe anasokonekera mpaka maboma awiriwa atakambirana. Dziko lomwe mafuta ake ambiri amadzera kwa mnansi silingatseke chitseko osayembekezera kuti mnansiyo atseka chake.

Kuyang'ana kunja kumathandiza. Dziko la Switzerland lili ndi ndalama yamphamvu kwambiri, komabe limagulitsa mankhwala, mawotchi ndi makina padziko lonse, chifukwa ogula sangazipeze mosavuta kwina. Vietnam, yomwe m'ma 1980 inali m'gulu la maiko osaukitsitsa, lero ndi yachiwiri kwa Brazil pa khofi ndipo imapanga mafoni ambiri a Samsung; inayamba ndi kusintha malamulo a zachuma ndi ulimi kuyambira mu 1986, kenako misewu, madoko, magetsi ndi sukulu. Pafupi pompa, kwacha ya ku Zambia imakwera ndi kutsika motsata kopa, yemwe amabweretsa gawo lalikulu la madola a dzikolo. M'maiko onsewa mtengo wa ndalama umatsatira zomwe dziko likupanga ndi kugulitsa. Kwathu kuno takhala tikuyembekezera kuti zichitike mozondoka, kuti mtengo wa ndalama ndiwo ubereke katundu.

Ena akuika chiyembekezo pa migodi: uranium wa ku Kayelekera ku Karonga, yemwe anayambanso kukumbidwa mu 2025, ndi miyala ya rutile ya ku Kasiya m'boma la Lilongwe lomweli. Migodi ingabweretsedi madola ochuluka, ngati mapangano ake ali oti ndalamazo zizidzera m'mabanki a kuno. Koma mgodi sulemba ntchito anthu ochuluka ngati omwe amadalira mtedza, soya ndi fodya, ndipo achinyamata a ku Chinsapo ndi ku Area 23 omwe akupita ku Johannesburg kukasaka maganyu ndi ambiri kuposa omwe mgodi uliwonse ungawatenge.

Njira yomwe ingakhudze anthu ambiri ikuoneka ku Kanengo komweko, pamtunda woyenda pansi kuchokera ku Mgona. Mu 2022 kampani ya Pyxus inatsegula fakitale yosenda ndi kusankha mtedza, yomwe imagula kwa alimi omwe inachita nawo mgwirizano, n'kumayeza chuku katundu asanatumizidwe kunja. Ntchito yotere ndi yomwe ingabwezeretse mtedza wa Malawi m'misika yolipira bwino, ndipo madola ake amalowa kubanki komwe a mafuta ndi a mankhwala amakawapeza. Koma fakitale iliyonse yotsata malamulo imapikisana ndi sikelo ya venda yemwe amawerengera dola pa mtengo wa mseri. Mlimi wa ku Mchinji amene ali ndi ana ofuna fizi sangadzudzulidwe akasankha wopereka ndalama zambiri. Malinga mitengo iwiri ya dola ikadali yotalikirana chotere, matumba ambiri a mtedza adzapitirira kudutsa pa geti la fakitale n'kukatsitsidwa ku Mgona, ndipo kuchepetsa mpata umenewu popanda kuphanso malipiro a anthu a m'makomboni ndi ntchito yomwe ikudikira Banki Yaikulu ndi Unduna wa Zachuma.